Gule Wokakamiza Anandibwezera Mwana Wanga

Moni kwa nonse amene mukuwerenga izi, makamaka inu amene muli ndi wodwala maganizo pakhomo, ndi inunso odwala anzanga ngati pali wina akukuwerengerani. Ine ndine Felesiya, kwathu ndi kwa Kuntaja, kufupi ndi bwalo la ndege la Chileka. Sindizungulira ayi, ine ndinadwala misala. Masiku ano anthu amakometsa, ati wasokonekera pang'ono, koma kumudzi kwathu panalibe wokometsa. Ankangoti wamisala uja, ndipo chifukwa cha dzina limeneli anandichotsera mwana wanga. Umboni wanga ndi wa mmene Mulungu anandibwezera mwanayo, ndipo njira imene anadzera imandiseketsabe mpaka lero.

Matendawa anandiyamba nthawi ija ya chipani chimodzi, nditangobereka mwana wanga woyamba, Mesi. Tulo tinandithawa. Ndinayamba kumva mawu a anthu pamalo popanda munthu, akundiuza kuti ndithawe chifukwa akubwera kudzandigwira. Tsiku lina ndinasiya mwana pamphasa n'kuuyamba ulendo wapansi, mpaka anthu anakanditola pamsika wa Lirangwe, mapazi ali magazi okhaokha, ndikukalipira matumba a makala. Za tsikulo ndimakumbukirako pang'ono chabe, zambiri anachita kundiuza. Ananditengera kuchipatala cha odwala ngati ine ku Zomba, ndipo ndinakhalako kuyambira chimanga chili m'mawondo mpaka anthu atakolola.

Pobwerako ndinapeza mwamuna wanga, poti anali mkamwini, atanyamula kathumba kake n'kubwerera kwawo. Ameneyo sindinamulire, apite. Chimene chinandipweteka n'chakuti Mesi nayenso panalibe. Amalume anga a Jailosi, eni mbumba, anali atalamula kuti mwanayo akaleredwe ku Lirangwe kwa achemwali anga aakulu, a Joyisi. Ndikafunsa kuti abwera liti, yankho linali limodzi: uchire kaye. Sindikanawatsutsa, poti zinali zoona kuti ndinamusiya khanda pamphasa. Koma palibe amene anandiuza kuti kuchirako adzakuona bwanji.

Tsono mverani zimene chikondi chinandichita. Mayi anga ankandikonda kwambiri, ndipo chifukwa cha chikondicho anandiletsa chilichonse. Ndikagwira khasu, ati siya utopa. Ndikanyamula chidebe, ati ukagwera m'chitsime. Mpeni anabisa padenga, munsi anakabwereketsa dala kwa aneba. Ngakhale kutchalitchi ankapita okha, ati anthu azikakuyang'ana. Anandiyalira mphasa kuseri kwa nyumba kumene odutsa m'njira sakanandiona, ndipo pamenepo ndi pamene dzuwa linkandipeza ndi kundisiya.

Mankhwala ndinkalandira ndithu, jakisoni mwezi ndi mwezi komanso mapilisi. Mawu aja anachepa, zimenezo ndimathokoza, koma thupi linauma. Khosi silinkatembenuka, manja ankanjenjemera, malovu ankatsika osandipempha. Ndinanenepa, ndipo poyenda ndinkakhwekhwereza mapazi ngati nkhalamba. Amalume akabwera ankandipeza ndili phee pamphasa paja, n'kupukusa mutu, ati uyu sanachire. Abale inu, munthu amene mwamuletsa ngakhale kusesa, kuchira kwake mukuonera pati?

Mvula inagwa, inatha, inagwanso, ine ndili pomwepo. Tsiku lina achemwali anabwera naye Mesi kudzaona agogo ake, atayamba kale kuthamanga ndi kuyankhula. Atandiona anakabisala kumbuyo kwa achemwali. Ndinatambasula manja anga onjenjemera aja, koma mayi anandigwira phewa pang'onopang'ono, ati muone ndi maso okha. Atachoka ndinalira kulira kumene sindinalirepo. Ndinapemphera pemphero lopanda ulemu, lokalipa. Ndinati Ambuye, ngati kundichiritsa simufuna, basi nditumizireni munthu woti andidzutse pamphasa pano, zotsalazo ndichita ndekha.

Ine ndinkayembekezera abusa, kapena amayi a mpingo atavala zoyera. Koma paja amati walira mvula walira matope. Amene anabwera anali Abiti Saidi.

Abiti Saidi anali Msilamu, wogulitsa mchere ndi usipa pamsika wa Lirangwe, komanso cheyamani wa amayi a chipani m'dera lathu. Anali wamfupi, wa mawu ngati amuna, ndipo akayamba kukalipa ngakhale agalu ankalowa m'nyumba. Achinyamata mwina simudziwa: masiku amenewo mtsogoleri wa dziko akamabwera pa ndege, amayi tinkayenera kukamuvinira pabwalo la ndege, ufune usafune. Ife a ku Chileka, poti bwalo lili pamphuno pathu, tinalibe pothawira. Ulendo wina gulu la Abiti linachepa ndipo akuluakulu awo anawakalipira pagulu. Ndiye anayamba kuyenda khomo ndi khomo kusaka mkazi aliyense wotsala, mpaka anazungulira nyumba yathu n'kundipeza.

"Uyu bwanji sabwera ku gule?" anafunsa mayi anga.

"Ndi wodwala uyu, Abiti. Mutu."

"Ine ndafunsa za mutu? Timavina ndi mutu ife? Miyendo ali nayo, mawa masana ndimuone kubwalo la sukulu."

Musaganize kuti chinali chifundo. Abiti ankangofuna mzere wawo utalike. Mayi anga anatsala pakati pa moto uwiri. Kukana lamulo la cheyamani kunali kuitana anyamata a chipani a malaya ofiira pakhomo. Komanso kunditumiza kunali koopsa, chifukwa nthawi imeneyo mawu amodzi olakwika ankatha kutengetsa banja lonse, ndiye tangoganizani ine nditayamba kukuwa pamaso pa akuluakulu kuti akubwera kudzatigwira. Anandimanga nsalu m'chiuno akulira. Koma ine mumtima ndinali nditatsimikiza kale. Ndinati kuseri kwa nyumba kuno Mesi sindidzamupezako, khomo ili kaya ndi lotani, ndituluka.

Tsiku loyamba linali lamanyazi, sindinama. Kufika kokha kubwalo la sukulu ndinapuma panjira kangapo, mtima ukugunda ngati utuluka. Titapanga bwalo la gule wa chioda, amayi anandisiyira mpata uku ndi uku woti ngolo n'kudutsa. Ng'oma italira onse anapita kumanja, ine thupi linakana kukhota, ndinapunthwa n'kugwa chafufumimba. Ena anaseka, ena anayang'ana kumbali, ndipo sindikudziwa amene anandipweteka kwambiri. Abiti analiza wezulo, anandidzutsa ngati akudzutsa thumba la mchere, n'kundiika kumbuyo kwawo. Anati ndigwire nsalu yawo m'chiuno ndipo ndiziponda pamene iwo achotsa phazi. Kwa amayi aja anati amene asiyenso mpata akafotokoza yekha kwa akuluakulu chifukwa chake bwalo lili ndi zibowo. Mpata uja unatsekeka pompo, poti Abiti ankaopsa kuposa wamisala.

Ndinabwerera kunyumba thupi lonse likuwawa, koma ndinagona tulo tenitenti, tosachita kukokedwa ndi mapilisi. M'mawa mwake mayi anati akandipepesere kwa Abiti kuti ndadwala. Ndinakana. Ndinapita, mkuja wake ndinapitanso, ndipo masana alionse ndinali kumbuyo kwa Abiti nditagwira nsalu. Masiku ena miyendo inkalemera ngati ndaimanga njerwa, ndipo ndinkadziuza pa phazi lililonse kuti ili ndi la Mesi, ilinso ndi la Mesi.

Zinthu sizinasinthe tsiku limodzi. Poyamba ndinasiya kupuma panjira. Kenako ndinapezeka kuti ndataya nsalu ya Abiti ndipo ndikukhota ndekha. Mawu aja sanathe, koma ng'oma ikamalira ankasowa polowera, chifukwa mutu unali wotanganidwa kumvera wezulo ndi kusunga phazi. Pobwerera amayi ankadutsira kuchitsime, ndipo tsiku lina mmodzi anangondisenzetsa ndowa yake osaganiza, poti iye anali ndi nkhuni. Ndinalowa nayo pakhomo madzi osatayika, mayi anga ali kukamwa yasa. Miseche ya panjira, imene kale ndinkadana nayo, inayamba kundikomera, chifukwa tsopano ankaiuza ine, osati kunena ine.

Ngakhale kuchipatala anaona kusintha. Kale mayi ndiwo ankandiyankhulira, ine nditazolika. Ulendo umenewo ndinatsegula pakamwa ndekha, ndinauza adokotala kuti khosi likuuma ndipo manja akundilepheretsa kuomba m'manja pa gule. Anaseka, anati bwanji simunanene kale, n'kundiwonjezera kapilisi kena kofewetsa thupi. Kunjenjemera kuja kunachepa kwambiri. Mankhwalawo analipo nthawi yonseyi, chimene chinkasowa ndi pakamwa panga.

Ndiye linafika tsiku lopita kubwalo la ndege. Ife tinayenda wapansi m'mamawa, anzathu a ku Lirangwe ndi ku Mdeka anabwera pa malole. Tinaima padzuwa kuyambira m'mawa mpaka linafika paliwombo, opanda chakudya, fumbi lili kobo. Ndege itayamba kutsika, phokoso lake linandilowa m'mutu n'kudzutsa mawu aja onse. Ankati thawa, ndi imeneyo, yabwerera iwe. Anyamata a malaya ofiira anali chapafupi ndi ndodo zawo. Miyendo inafuna kuthamanga, ndipo ndinadziwa kuti ndikangothamanga pamenepa, Mesi ndamutaya mpaka kalekale, mwinanso ndi mayi anga omwe.

Ndinakoka nsalu ya Abiti. "Abiti, zayamba."

Sanatembenuke n'komwe. "Ziyambe. Iwe yang'ana chidendene changa, ponda pansi."

Ndinaponda. Ndinayang'ana chidendene chong'aluka chija ngati padziko palibenso china, ndikuitana dzina la Yesu chamumtima pamene pakamwa pakuimba nyimbo ya gule. Thukuta linatsika, misozi inatsika, koma phazi silinaphonye. Mtsogoleri amene tinkamuvinirayo anadutsa patsogolo pathu, ndipo ndikuuzeni zoona, nkhope yake sindinaione. Ine ndinaona chidendene cha Abiti Saidi basi.

Gulu lathu litatuluka m'bwalo, tinakakhala pansi pamthunzi wa lole. Apo ndi pamene ndinaona achemwali a Joyisi ataima ndi Mesi, akundiyang'ana ngati aona mzukwa. Anali atandionerera gule yense. Gulu la ku Lirangwe linaitanidwa kuti likonzeke, ndipo ana sankaloledwa mumzere. Achemwali anayang'ana uku ndi uku kufuna womusiyira mwana. Anandidumpha ndi maso, anayang'ananso kwina, wezulo akulira. Kenako anangomukankhira kwa ine, ati, "Iwe Felesiya, usachoke pano," n'kuthamanga.

Mesi analira kulira kwake konse, akuitana amayi, ndipo amayiwo sanali ine. Zinandilasa, koma ndinalibe nthawi yodzimvera chisoni. Ndinamubereka, ndinamanga nsalu zolimba, n'kuyamba kuyenda naye chauku ndi chauko ndi kaphazi komwe kaja ka chioda. Anandimenya zibakera kumsana, anandikoka mpango, kenako mutu wake unalemera paphewa panga. Achemwali atabwera anamupeza ali m'tulo. Anatambasula dzanja kuti amasule nsalu, koma anaima. Anati musiye adzuke yekha, ndipo tinakhala pansi awiri kudikira lole yawo.

Madzulo ake mwana anabwerera ku Lirangwe, chifukwa lamulo la amalume linali lisanasinthe. Koma ine ndinali nditalawa, ndipo sindikanabwereranso pamphasa. Magule atayamba kutipatsa mpata, ndinapita ndekha kwa Abiti n'kuwapempha kuti tsiku la msika ndiziwasenzera dengu la usipa mpaka ku Lirangwe. Amene mumadziwa mtunda wa kuchokera kwa Kuntaja mukudziwa kuti si masewera. Abiti anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ati ukagwetsa usipa wanga ndikakusiya panjira. Sindinagwetse.

Motero sabata ndi sabata ndinkalowa pamsika womwe uja anandionapo ndikukalipira makala, tsopano nditasenza dengu. Ena ankalozerana, ine ndinkawapatsa moni mokweza mpaka iwo ndiwo ankachita manyazi. Ndikatula katundu ndinkapita kwa achemwali kukamusambitsa Mesi ndi kumuluka tsitsi, kenako ndinkabwerera kukathandiza Abiti kuyeza mchere. Mvula itayandikira ndinatenga khasu osapempha munthu, ndinagalauza munda wathu wa kudambo. Mayi ankanditsatira ndi chikho cha madzi, akudandaula njira yonse, koma khasu sanandilandenso.

Ndisakunamizeni kuti matenda anathera pomwepo. Nyengo yozizira yotsatira, ngakhale mankhwala ndinkamwa mokhulupirika, tulo tinayambanso kuchepa ndipo mawu aja anayamba kunong'ona. Mtima unagwa. Ndinadziwa kuti amalume akamva, adzati mwaona, tinanena ife. Maganizo ena ankati bisa, palibe akudziwa. Koma ndinali nditaphunzira pabwalo la ndege paja kuti zikayamba, umanena. Ndinauza mayi, ndinavala nsalu yanga, ndinayenda ndekha mpaka kuchipatala tsiku la jakisoni lisanakwane. Anandisinthira mankhwala, ndinagona masiku angapo, ndipo zinadutsa osafika kutali.

Amalume anamvadi, ndipo anaitanitsa mayi, achemwali ndi ine. Ndinapita nditakonzeka kumva zoti uchire kaye. Amalume anakanda chibwano. Kenako anati iwo ankadikira tsiku limene matenda adzatheretu, koma aona kuti tsikulo mwina kulibe. Anati munthu amene amadziwa kudzitengera yekha kuchipatala angathenso kutengera mwana kuchipatala. Achemwali analira, poti nawonso anali atamulera ndi mtima wonse, ndipo ine sindidzaiwala zimenezo. Koma ndi iwo omwe anamuuza Mesi kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Ndinakamutenga tsiku la msika. Anali atakula, woti akanatha kuyenda yekha mbali ina ya njira, koma ndinamubereka kuyambira pakhomo pa achemwali. Miyendo yake inkandimenya m'mawondo. Anthu panjira ankaseka, ati mayi, mtsitseni ameneyo, ndi wamkulu. Abiti nawo anakalipa kuti ndithyoka msana ndipo dengu lawo lisowa wosenza. Ndinakana. Zaka zomubereka zinali zitandidutsa ndili kuseri kwa nyumba, ndiye ulendo umodzi umenewu sindikanalola munthu aliyense kundichotsera. Ndinakamutsitsira pakhonde pa mayi anga, msana uli moto.

Musandimve molakwa, gule wokakamiza uja sindimuyamikira. Amayi ankasiya minda ndi odwala, ena ankakomoka padzuwa, ndipo tinkavina ndi mantha. Koma Mulungu wanga sasankha chogwirira ntchito. Anatenga chinthu chowawa ngati chimenecho, anatenga mayi wa chipembedzo china amene ankangofuna kuti asakalipiridwenso, n'kuyankha nazo pemphero langa lokalipa lija. Nditapita kukawathokoza Abiti, anandithamangitsa, ati ine ndinkafuna mzere wanga utalike, zothokozazo kapereke kwa Mulungu wako. Ndiye ndikupereka lero pamaso panu: zikomo Ambuye, zikomo chifukwa cha Abiti, chifukwa cha mayi anga, achemwali anga, ndi anthu a kuchipatala amene sanatope nane.

Inu amene mukusunga wodwala, mankhwala asalumphe, zimenezo ndiye poyambira. Koma musamukonde mpaka kumuumitsa. Muyende naye, mulime naye, mupite naye kumene kuli anthu, ngakhale tsiku loyamba agwe ndipo anthu aseke. Ndipo iwe mnzanga wodwala, ndikudziwa mmene thupi limalemerera ndi mmene maso a anthu amabayira. Dzuka ndithu. Lero ukafike pamsewu, mawa ukafike kuchitsime, ndipo zikayamba usabise, nena.

Ine ndakalamba tsopano, mankhwala ndikumwabe, ndipo m'mawa uliwonse ndimayenda dzuwa lisanatenthe. Mesi ali ndi ana ake. Akamapita ku Blantyre amabwera nawo kwa ine, wamng'ono amandiikira kumsana ndi manja ake, n'kumapita osauza munthu aliyense kuti azindiyang'anira. Mulungu alemekezeke.